Kafukufuku wa chaka chomaliza mu saikoloji: tiyambire pati kuti tisakakamire pakati?

Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Ndili m'chaka chomaliza cha saikoloji ndipo tauzidwa kuti tipereke mitu ya kafukufuku. Wanga ndi wakuti "Mmene nkhawa imakhudzira ophunzira a pa yunivesite." Asupavaiza angoyankha kuti mutuwu ndi wotakata kwambiri. Ndiuchepetsa bwanji? Nanga ukavomerezedwa, ndiyambe ndi literature review kapena kukonza mafunso?

a Nkhoma: Asupavaiza anuwo sanalakwitse, achemwali. Nkhawayo ikukhudza chiyani? Tulo, magiredi, ubale ndi anzawo? Ophunzira ake ati? Funso la pa digiri yoyamba lizitchula zinthu ziwiri zoyezeka ndi gulu limodzi la anthu, basi. Mwachitsanzo: kodi pali mgwirizano pakati pa kupanikizika maganizo ndi kagonedwe mwa ophunzira a chaka chomaliza? Pamenepo mwadziwa kale zoti muyeze, anthu oti muwafunse, ndiponso kuti deta mudzaisanthula ndi correlation, njira yoyeza mgwirizano wa zinthu ziwiri.

Mawu akuti "imakhudzira" achotseni. Mukafunsa anthu kamodzi kokha ndi pepala la mafunso, simungadziwe chomwe chayambitsa chinzake. Mwina kupanikizika n'komwe kukumana munthu tulo, mwina kusagona n'komwe kukumupanikiza, mwinanso zonse ziwiri zikuchokera ku vuto lachitatu monga kuchuluka kwa ntchito. Oyesa amatsitsa mamakisi msanga akaona kuti mutu ukulonjeza chifukwa pomwe njira ya kafukufukuyo singathe kuchionetsa.

Dziyeseni motere: tengani pepala lero, mujambule tebulo la zotsatira zanu lopanda manambala, lokhala ndi mitu ya mizere yokha. Likakukanikani, funsolo silinapse.

Limbani: Pa funso lachiwirilo, dongosolo lake ndi ili: funso, kuwerenga zomwe ena adapeza, kusankha zoyezera, kuwerengera anthu ofunika, kulemba mmene mudzasanthulire deta, chilolezo cha komiti ya ethics, kuyesa mafunso pa anthu ochepa, kenako kutolera deta. Kutolera kumabwera kumapeto kwenikweni. Ambiri amathamangira kugawa mafunso, kenako n'kumafunsa kuti "deta iyi ndiitani?" Nthawi imeneyo palibenso chokonza.

Tadala: Zikomo a Nkhoma ndi achimwene a Limbani. Mafunso oyezera kupanikizika ndi tulo ndingalembe ndekha? Ndimaganiza zolemba okwana 15.

Mayi Chirwa: Musatero, Tadala. Kupanga choyezera chatsopano ndi kafukufuku payekha, wofuna anthu mazana ndi factor analysis, masamu oona zomwe mafunsowo akuyeza pamodzi. Mukalemba anuanu, woyesa adzakufunsani kuti mukudziwa bwanji kuti mafunsowo akuyezadi kupanikizika osati kutopa chabe, ndipo mudzasowa choyankha.

Zilipo kale zogwirizana ndi funso lanu. Perceived Stress Scale (PSS) yoyezera kupanikizika, yomwe Sheldon Cohen ndi anzake adatulutsa mu 1983, ili ndi mtundu wa mafunso 10 (PSS-10). Yankho lililonse limayambira pa 0 kufika pa 4, choncho onse pamodzi ndi 0 mpaka 40. Ya tulo ndi Pittsburgh Sleep Quality Index (PSQI) ya mu 1989: mafunso 19 oyankha mwini wake, omwe amasonkhanitsidwa m'magawo 7, gawo lililonse 0 mpaka 3, onse pamodzi 0 mpaka 21. Kupitirira 5 kumatengedwa ngati kusagona bwino. Ubwino wake, zonse ziwiri zimafunsa za mwezi wapitawu, ndiye zikuyeza nthawi yofanana.

Pali misampha itatu. Woyamba, mu PSS-10 mafunso 4, 5, 7 ndi 8 adalembedwa mosonyeza zabwino, ndiye mayankho ake amatembenuzidwa musanaphatikize: 0 akhale 4, 1 akhale 3, 2 akhale momwemo, 3 akhale 1, 4 akhale 0. Wachiwiri, PSQI saiphatikiza mwachisawawa. Gawo lina limafuna kuti muwerengere maola omwe munthu anagonadi poyerekeza ndi maola omwe anakhala pabedi, kuchokera pa nthawi yomwe walemba kuti amakagona ndi yomwe amadzuka. Wina akalemba "11" osanena kuti ndi usiku, kapena akalemba "6 kapena 7", muyenera kukhala ndi lamulo lolembedwa la mmene muziwerengera mayankho otere. Wachitatu, musachotse funso kapena kusintha mawu chifukwa choti pepala latalika. Mukachotsa limodzi, si PSS-10nso, ndipo simungayerekeze zotsatira zanu ndi za ena.

Onaninso malamulo a eni choyezeracho. Zina n'zaulere pa kafukufuku wa sukulu, zina monga Beck Depression Inventory-II n'zogula.

Chisomo: Ndiwonjezepo. Ngati oyankha sadziwa bwino chilankhulo chomwe choyezeracho chidalembedwamo, yambani mwafufuza ngati pali kale kumasulira koyesedwa. Ngati palibe, munthu mmodzi amasulire, wina yemwe sanaone choyambiriracho abwezere m'chilankhulo chakale, kenako muyerekeze ziwirizo n'kukonza pomwe tanthauzo lasochera. Richard Brislin adailongosola njirayi mu 1970. Zonsezi zilembedwe m'chaputala cha njira.

Tadala: Nanga anthu ndifunse angati? Anzanga akugwiritsa ntchito fomula ya Yamane ndipo ambiri akupeza anthu oposa 300.

Wongani: Fomula ya Yamane imayankha funso lina, osati lanulo. Ntchito yake ndi pamene mukufuna kudziwa kuti ndi anthu angati pa 100 alionse m'gulu lodziwika kukula kwake omwe ali ndi chinthu chakutichakuti. N'chifukwa chake gulu likakula yankho limangoyandikira 400 mukaika 0.05 ngati malire a kulakwitsa. Inu simukuwerenga maperesenti, mukuyesa mgwirizano wa zinthu ziwiri. Chofunika ndi power analysis, njira yowerengera anthu ofunika kuti mgwirizano uoneke ngati ulipodi.

Tsitsani G*Power, ndi yaulere. Mumaiuza zinthu zitatu: alpha 0.05 (mwayi womwe mukulola wopeza mgwirizano pomwe palibe), power 0.80 (mwayi woupeza ngati ulipodi), ndi kukula kwa mgwirizano womwe mukuyembekeza. Jacob Cohen adapereka miyeso yomwe ambiri amatsata: pa correlation, 0.10 ndi yaing'ono, 0.30 yapakati, 0.50 yaikulu, poyerekeza magulu awiri, d (kukula kwa kusiyana kwawo) ya 0.2, 0.5 ndi 0.8. Pa r (nambala ya correlation) ya 0.30, two-tailed (kuyesa mbali zonse ziwiri), pamafunika anthu 84. Poyerekeza magulu awiri pa d ya 0.5 pamafunika 64 pa gulu lililonse, onse 128. Koma pa d ya 0.2 chiwerengero chimalumpha kufika pafupifupi 394 pa gulu. Apa mpomwe wophunzira amazindikira kuti funso lina silingatheke m'semesita imodzi, ndipo kuli bwino kuzindikira pano kusiyana n'kudzazindikira deta itatoleredwa.

Musangosankha 0.30 chifukwa chakuti ikupereka nambala yosavuta. Onani zomwe ena adapeza pa PSS ndi PSQI, mutenge yocheperako mwa izo, mulembe komwe mwaitenga. Kenako onjezerani anthu ena, 10 mpaka 20 pa 100 alionse, chifukwa mapepala ena adzabwera osamaliza.

Limbani: Tsopano za ethics, chifukwa apa mpomwe nthawi imathera anthu osazindikira. Makomiti ambiri amakumana pa masiku oikika, ndipo si kawirikawiri kuti fomu ivomerezedwe ulendo woyamba. Funsani masikuwo sabata yoyamba ya semesita, muwerengere chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lopereka lipoti. Deta yotoleredwa chilolezo chisanatuluke ikhoza kukanidwa yonse, ngakhale ya pilot, kuyesa mafunso pa anthu ochepa kuja.

Zoti zikhale m'manja: proposal, pepala lofotokozera otenga nawo mbali, fomu yovomera, mafunso onse monga adzaonekere, pepala lopereka pomaliza lonena cholinga ndi komwe munthu angapeze thandizo, ndi ndondomeko yosungira deta yonena yemwe adzaione ndi nthawi yomwe idzafufutidwe.

Zomwe zimabwezetsa fomu nthawi zambiri ndi izi. Kulonjeza kuti palibe adzadziwike pomwe mukufunsa nambala ya wophunzira, kapena fomu ya pa intaneti ikutolera maimelo yokha. Lowani m'masetingi mukazimitse zimenezo. Kusunga mafomu osainidwa pamodzi ndi mayankho, zomwe zimalumikiza dzina ndi deta. Kupempha mphunzitsi kuti agawe mafunso m'kalasi mwake iye ali pomwepo, chifukwa wophunzira sangakane momasuka. Kuiwala kuti ena a chaka choyamba sanakwane zaka 18, ndipo malo ambiri amafuna chilolezo cha makolo. Ndiponso ngati mungaonjezere PHQ-9, choyezera matenda a maganizo, dziwani kuti funso lake la 9 limafunsa za maganizo odzivulaza kapena kufuna kufa. Komiti idzafuna kudziwa chomwe mudzachite wina akayankha kuti inde, makamaka ngati simukumudziwa dzina. Ngati funso lanu silikukhudza matenda a maganizo, musaiikemo.

Chisomo: Poti zonse zanenedwazi ndi za manambala, wina asaganize kuti kuthawira ku qualitative (kafukufuku wa mawu, osati manambala) n'kupeputsa ntchito. Ola limodzi la macheza ojambulidwa limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba liwu ndi liwu. Anthu 8 okha, mwataya kale sabata yathunthu musanayambe n'kusanthula komwe. Thematic analysis ya Virginia Braun ndi Victoria Clarke ya mu 2006 ili ndi masitepe 6: kuizolowera deta, kuika makodi, kusonkhanitsa mitu, kuiunikanso, kuitanthauzira ndi kuipatsa mayina, ndi kulemba. Cholakwika chofala n'chakuti wophunzira amatenga mafunso omwe anafunsa n'kuwasandutsa mitu: "Zoyambitsa nkhawa," "Zotsatira za nkhawa," "Njira zothanirana nayo." Kumeneko n'kusanja mayankho chabe. Mutu weniweni umanena chinachake, monga kuti ophunzira amaona kusagona ngati umboni wa khama.

Wongani: Ndikuvomereza, achemwali a Chisomo, koma kwa Tadala funso lake ndi la manambala kale. Asasakanize njira ziwiri. Mixed methods pa digiri yoyamba nthawi zambiri imabala makafukufuku awiri osamalizika.

Chisomo: Pamenepo sinditsutsa.

Tadala: Ndamva. Deta ikabwera ndiyambe ndi chiyani? Tili ndi pulogalamu yosanthulira deta ya SPSS ku labu koma pa kompyuta yanga mulibe.

Wongani: jamovi ndi JASP n'zaulere ndipo zimachita zonse zomwe mukufuna. Koma musanayese chilichonse, yeretsani deta.

Fayilo yoyamba muisunge osaikhudzanso, muzigwira ntchito pa kope. Mzere uliwonse ndi munthu mmodzi, ndipo funso lililonse lili ndi danga lake: pss1, pss2, mpaka pss10. Musalowetse zophatikiza zomwe mwawerengera pamanja, chifukwa popanda mayankho a funso lililonse simungawerengere Cronbach's alpha (yoonetsa ngati mafunsowo akugwirizana) kapena kupeza pomwe mwalakwitsa. Ngati mwagwiritsa ntchito mapepala, lililonse lilembedwe nambala yofanana ndi ya mzere wake. Kenako onani nambala yaing'ono ndi yaikulu ya danga lililonse. Mukapeza 33 pomwe mayankho amathera pa 4, ndi chala chinadina kawiri. Bwererani ku pepalalo. Mukaika 999 posonyeza funso losayankhidwa, iuzeni pulogalamuyo kuti 999 ndi missing, apo ayi idzaiphatikiza ndipo avereji ya PSS idzaposa 40.

Mukatembenuza mafunso anayi aja, werengerani Cronbach's alpha. Ambiri amavomereza kuyambira 0.70. Ikatsika kwambiri, kapena mafunso ena akaonetsa mgwirizano wa negative ndi anzawo, choyamba kukayikira ndi kutembenuza: mwina simunatembenuze, kapena mwatembenuza kawiri. N'chifukwa chake zotembenuzidwazo zizilowa m'madanga atsopano, osati pamwamba pa akale. Mu SPSS sankhani Recode into Different Variables, ndipo muzidina Paste kuti malamulo onse asungike mu syntax.

Mayi Chirwa: Nanga normality (ngati deta yamwazikana mooneka ngati belu), a Wongani? Asupavaiza ambiri amafuna kuona Shapiro-Wilk yoyesa zimenezo.

Wongani: Akaifuna iikeni, mayi, koma isakhale yokha yogamula. Anthu akachuluka imakuwa ngakhale pa kupendekeka kosavulaza, anthu akachepa imakhala chete pa vuto lenileni. Yang'anani histogram ndi scatterplot ndi maso. Correlation ya Pearson imasokonezeka kwambiri ndi anthu awiri kapena atatu omwe ali kutali ndi anzawo, kapena mgwirizano wokhota. Zikatero gwiritsani ntchito ya Spearman, munene chifukwa. Poyerekeza magulu awiri, t-test ya Welch ndi yodalirika kuposa ya Student magulu akasiyana kukula ndi kumwazikana.

Mayi Chirwa: Ndikugwirizana nazo, bola chisankhocho chilembedwe deta isanaonedwe. Wophunzira asayese zonse ziwiri n'kusankha yomwe yamukomera.

a Nkhoma: Mayi Chirwa afika pa nkhani yaikulu. Tadala, tiyerekeze kuti p, nambala yomwe ikatsika pansi pa 0.05 zotsatira zimatchedwa "significant", yatuluka 0.21. Chiyeso chake n'choti muyese amuna okha, akazi okha, a chaka chachitatu okha, gawo lililonse la PSQI palokha, mpaka china chitsike pansi pa 0.05. Masamu ake ndi awa: mukayesa zinthu 20 zosadalirana pomwe palibe mgwirizano uliwonse, mwayi woti chimodzi chituluke "significant" mwangozi ndi 64 peresenti. Joseph Simmons, Leif Nelson ndi Uri Simonsohn adaonetsa mu 2011 mmene zisankho zing'onozing'ono zoterezi zimabalira zotsatira zabodza. Mu 2015 gulu la Open Science Collaboration lidabwereza makafukufuku 100 a saikoloji: 97 mwa oyambirirawo adali significant, koma mwa obwerezawo ndi 36 peresenti yokha. Oyesa amasiku ano amaidziwa nkhaniyi.

Chitetezo chake n'chosavuta. Lembani tsamba limodzi deta isanabwere: hypothesis, anthu angati, oti achotsedwe ndi ati ndipo chifukwa chiyani, mayeso ake ndi ati. Litumizeni kwa asupavaiza pa imelo kuti likhale ndi tsiku, kapena lilembetseni pa webusayiti ya OSF kapena AsPredicted. Zina zomwe mudzayese pambuyo pake muzitchule poyera kuti n'zongofufuza. Ngati mayeso okonzedwa ndi asanu, njira ya Bonferroni imagawa 0.05 ndi 5, malire n'kukhala 0.01.

Ndipo kusapeza mgwirizano si kulephera. Mamakisi amachokera pa kulondola kwa njira ndi kuganiza bwino pa zomwe zapezeka. Chongopewa n'kulemba kuti "palibe mgwirizano." Lembani kuti kafukufukuyu sanapeze umboni wa mgwirizano, muonetse confidence interval (CI, malire omwe mgwirizano weniweni ungakhalemo), munene kukula kwa mgwirizano womwe anthu anuwo akanatha kuugwira.

Tadala: Polemba lipoti ndiyambire chaputala 1?

Mayi Chirwa: Ayi. Yambani ndi chaputala cha njira, mukudikira chilolezo. Zonse zili kale mu proposal, mungosintha mawu kuti anene zomwe zinachitika. Chilembedwe mwakuti munthu wina angathe kubwereza kafukufukuyo osakufunsani kanthu. Kenako zotsatira, kenako mukonzenso chiyambi ndi literature review, kenako kukambirana zotsatira. Abstract ndi yomaliza, mawu 150 mpaka 250 pokhapokha dipatimenti itanena zina.

Literature review yofooka imadziwika ndi ndime zoyamba ndi dzina la wolemba: uyu adapeza izi, uyo adapeza izo. Ndime iliyonse iyambe ndi mfundo yanu, makafukufuku abwere ngati umboni, ndipo munene pomwe akutsutsana ndi chifukwa chake, kaya ndi zoyezera zosiyana kapena anthu ochepa. Ndime yomaliza ifike pa mpata womwe funso lanu likutseka.

M'zotsatira musamatemo matebulo a SPSS monga atulukira. Kalembedwe ka APA, komwe kamatsatidwa mu saikoloji, ndi aka: r(82) = .34, p = .002, 95% CI [.14, .52]. Nambala 82 ndi anthu 84 kuchotsapo 2. Pa r ndi p saika ziro kutsogolo chifukwa sizingapose 1. Pulogalamu ikaonetsa .000, lembani p < .001. Ndipo chenjerani ndi mbali: pa PSQI nambala yaikulu ndi tulo toipa, choncho r ya positive ikutanthauza kuti opanikizika kwambiri akugona moipa, osati bwino. Ambiri amaiwerenga chozondoka. Komanso .34 kuichulukitsa ndi iyo yomwe ndi pafupifupi .12, kutanthauza kuti gawo lalikulu la kusiyana kwa tulo likufotokozedwa ndi zinthu zina. Zimenezi zikalowe m'kukambirana.

Pa zofooka za kafukufuku musangolemba "nthawi inachepa." Nenani chofookacho ndi mbali yomwe chingakokere zotsatira. Mwachitsanzo, ngati deta inatoleredwa mayeso atayandikira, PSS ikhoza kukwera kuposa nthawi zonse. Ngati anayankha ndi odzipereka okha, opanikizika kwambiri mwina sanapeze n'komwe nthawi yoyankha.

Limbani: Maumboni a mabuku muziwasunga mu pulogalamu ya Zotero kuyambira tsiku loyamba. Mu APA 7, olemba atatu kapena kuposa amalembedwa dzina loyamba ndi "et al." kuyambira pomwe mwawatchula koyamba, ndipo pa mndandanda wakumapeto mumalemba mpaka mayina 20. Musatchule pepala lomwe simunalitsegule. Mapulogalamu a AI amatha kupeka mutu, olemba ndi magazini zooneka zenizeni. DOI (linki yokhazikika ya pepala) iliyonse idineni muone ngati ikufikadi pa pepalalo. Pa Turnitin, pulogalamu yoona zofanana ndi zolemba za ena, musangoyang'ana peresenti. Lipoti la 12 peresenti likhoza kukhala ndi ndime yonse yokopera, pomwe la 25 likhoza kukhala mafunso a PSS ndi mndandanda wa mabuku chabe.

Tadala: Funso lomaliza, pepani kuchulutsa. Asupavaiza akamachedwa kuyankha nditani?

a Nkhoma: Musapepese, ndi funso loyenera. Pa mkumano woyamba gwirizanani kuti muzikumana kangati, amafuna masiku angati kuti awerenge, ndiponso adzawerenga kangati chaputala chilichonse, chifukwa madipatimenti ena amalola kamodzi kokha. Muzitumiza chaputala chimodzi, chokonzedwa kale zilembo, ndi mafunso awiri kapena atatu olunjika. "Onani ngati zili bwino" imakhalitsa pa mzere, "ndichotse anthu 6 omwe sanamalize PSQI kapena ndiwasunge pa PSS yokha?" imayankhidwa msanga. Mukatuluka mu mkumano, tumizani imelo yaifupi tsiku lomwelo yonena zomwe mwagwirizana ndi tsiku la mkumano wotsatira. Pobweza zokonzedwa, ikanipo tebulo la ndemanga yawo, chomwe mwasintha, ndi tsamba lake. Ngati simukugwirizana ndi ndemanga ina, lembani chifukwa mwaulemu m'tebulo momwemo m'malo moilumpha mwakachetechete.

Akakhala chete kupitirira nthawi yomwe munagwirizana, kumbutsani kamodzi. Zikapitirira, pitani kwa mkulu woyang'anira makafukufuku a ophunzira m'dipatimenti, maimelo aja ali m'manja. Podikirapo musaime: lembani chaputala chotsatira.

Wongani: Ngati kwanu kuli kuteteza lipoti pamaso pa oyesa, konzekerani izi: chifukwa chiyani PSS osati choyezera china, nambala ya anthu munaipeza bwanji, munachotsa angati ndipo chifukwa chiyani, ndi tanthauzo la p. Pa lomalizali ambiri amagwa. P ya .002 sikutanthauza kuti mwayi woti hypothesis yanu ndi yabodza ndi .002. Ikutanthauza kuti pakanakhala kuti palibedi mgwirizano, zotsatira zazikulu chonchi kapena kuposa zikanaoneka kawiri pa maulendo 1,000.

Tadala: Mutu ndausintha: "Mgwirizano wa kupanikizika maganizo ndi kagonedwe mwa ophunzira a chaka chomaliza." Ndifunse anthu 100 kuti pakatsale osachepera 84. Ndionjezere zaka ndi jenda pa mafunso?

Mayi Chirwa: Onjezerani, n'zofunika pofotokoza anthu anu. Koma ngati mukufuna kuziika mu regression (kusanthula zinthu zingapo nthawi imodzi) pamodzi ndi PSS, bwererani ku G*Power musanapereke fomu ya ethics, chifukwa 84 ija inali ya correlation ya zinthu ziwiri zokha. Zaka muzifunse ngati nambala, osati m'magulu. Kuziika m'magulu mungathe pambuyo pake, koma kuzibwezera ku nambala simungathe.